Kodi Zipangizo za m'Masitolo Akuluakulu n'Zosalimba?



Mwezi wathawu tidaitanidwa kukakhala nawo pa zokambirana za banja lina kwathu kuno kunyanja. Nkhani yake inali ya galayinda, makina aja odulira ndi kusalazira zitsulo. Mkulu wa m'banjamo ali ku Joni chaka chachisanu tsopano. Adadzimana miyezi ingapo kuti agulire mng'ono wake galayinda yatsopano, popeza mng'onoyo amawotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo pamsika ndipo ndiye akusamala mayi awo kuno kumudzi. Adakaigula m'sitolo ina yaikulu ya zipangizo zomangira nyumba, dzina lolembedwa pa galayindayo n'lotchuka ndithu, ndipo idafika pa basi katoni yake ili yomata. Patangotha miyezi itatu idayamba kununkha, kenaka utsi tolotolo, basi n'kuzima.

Mng'onoyo adatumiza mawu pa foni: "Achimwene, mwanditumizira chinthu chotchipa. Nanga ndalama zomwe munkanena zija zapita kuti?" Mkuluyo adayankha kuti lisiti ilipo, ndipo ngati pali wolakwa ndi eni sitolo. Iye adati anzake ku Joni amuuza kuti masitolo akuluakulu amagulitsa zipangizo zomwe mafakitale adazipanga mwapadera, kunja zofanana ndi zenizeni koma m'kati zopepuka. Mayi awo, amene sadagwirepo galayinda chibadwire, ndiwo ankasowa tulo poona ana awo awiri atasiya kuyankhulana. Tidalonjeza kuti tiifufuza nkhaniyi, ndipo taona kuti n'kwabwino tiikambire pano chifukwa m'midzi ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota makomo odikira katundu wochokera ku Joni ndi ambiri.

Mphekesera yomwe mkulu uja adamva sidabadwire ku Joni. Kwawo kwenikweni ndi ku America, komwe masitolo a mtundu umenewu adakulira. Kumeneko kuli awiri otchuka. Lowe's idayamba ngati kasitolo wamba ka zitsulo ku North Carolina m'chaka cha 1921. Home Depot idatsegula masitolo ake oyamba mumzinda wa Atlanta m'chaka cha 1979, eni ake ali Bernie Marcus ndi Arthur Blank, ndipo lero ili ndi masitolo oposa 2,000. Sitolo imodzi yokha imakhala ngati bwalo la mpira lofoleredwa, ndipo m'menemo munthu amapeza matabwa, simenti, penti, misomali, mipope ndi makina a mtundu uliwonse. Amisiri a ku America akhala akukangana zaka zambiri ngati makina oboolera ogula ku Home Depot ali ofanana ndi ogula kwa wogulitsa zipangizo za amisiri okhaokha. Ku South Africa masitolo otere ndi monga Builders Warehouse, ya kampani ya Massmart, ndi Leroy Merlin yochokera ku France, yomwe idafika m'dzikomo mu 2018. Massmart nayo ili m'manja mwa kampani ya ku America ya Walmart, yomwe idagula magawo 51 pa 100 alionse mu 2011 n'kumaliza otsalawo mu 2022.

Mphekeserayi ili ndi pomwe idagwira. Sitolo yogula katundu wambiri nthawi imodzi imakhala ndi mphamvu youza fakitale mtengo womwe ikufuna, ndipo fakitale ikavomera mtengowo iyenera kupeza pochepetsa. Chitsanzo chomwe chidalembedwa kwambiri ndi cha makina otchetchera kapinga otchedwa Snapper. Kampani ya Simplicity itagula Snapper mu 2002, mkulu wake, Jim Wier, adapita kulikulu la Walmart kukanena kuti asiya kugulitsa makina awo m'masitolo amenewo. Iye adaona kuti kutsitsa mtengo chaka ndi chaka kudzawakakamiza kupanga makina osalimba n'kuipitsa dzina lawo. Patapita zaka, mu 2013, eni ake atsopano adabwezeranso dzina la Snapper m'masitolo a Walmart pa makina a mtengo wotsikirapo. Nayo kampani ya John Deere, yotchuka ndi mathirakitala, itayamba kugulitsa timathirakitala totchetchera kapinga ku Home Depot mu 2003, idapititsa kumeneko gulu la makina otsika mtengo, pomwe amphamvu aja adatsala kwa ogulitsa ake a nthawi zonse.

Komatu taonani bwino zomwe zidachitika pamenepa. Fakitale sidatenge makina amodzi n'kuwapanga pawiri mobisa, abwino kutumiza uku, achabe kutumiza uko, nambala ili imodzimodzi. Idapanga makina ena, a gulu lina, n'kuwapatsa nambala yawoyawo. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Chipangizo chilichonse cha magetsi chili ndi kachikwangwani komatidwa pathupi pake, ndipo pamenepo pamalembedwa nambala ya mtundu wake. Nambala imeneyi ndi yomwe wokonza makina amayang'ana poitanitsa masipeya. Ikafanana yonse, zilembo ndi manambala omwe, chipangizocho n'chimodzi, kaya mwachigula m'sitolo yaikulu, kaya kwa wogulitsa za amisiri. Fakitale ikadati isinthe za m'kati nambala isadasinthe, ikadadzisokoneza yokha, popeza masipeya ake sakadamalowana.

Chomwe sitolo yaikulu imachita n'kusankha zoika pa mashelefu. Makasitomala ake ambiri si amisiri ayi. Ndi bambo wa muofesi amene akufuna kupachika chithunzi kukhoma Loweruka, kapena mayi wofuna kumanga kabati yomwe yagwedera. Munthu wotere makina oboolera amawagwiritsa ntchito mphindi zochepa pa mwezi, ndiye sangalipire mtengo wa makina opangidwira ntchito ya tsiku lonse. Sitolo imadzaza kutsogolo ndi zipangizo zomuyenera iyeyo, mitengo yake italembedwa zilembo zikuluzikulu. Za amisiri zimapezekamo ndithu, koma zochepa, pena zotsekeredwa m'galasi, ndipo mtengo wake umathawitsa munthu amene wabwera ndi ndalama zowerengeka.

Makampani opanga zipangizo nawo sabisa kuti ali ndi magulu awiri. Bosch ya ku Germany idachita kusiyanitsa ndi mtundu wa penti. Zobiriwira ndi za pakhomo, zabuluu, zolembedwa Professional, ndi za amisiri. Galayinda yabuluu nambala yake imayamba ndi GWS, yobiriwira inkayamba ndi PWS. Makita ya ku Japan ili ndi gulu lotsika mtengo lomwe kale linkatchedwa Maktec, masiku ano Makita MT. Black & Decker ndi DeWalt ndi ana a bambo mmodzi. Black & Decker idagula DeWalt mu 1960, ndipo mu 1992, itaona kuti amisiri ayamba kunyoza dzina lake kuti n'la zipangizo za pakhomo, idatulutsa zipangizo zake zamphamvu zili zachikasu pansi pa dzina la DeWalt. Kampani ya ku Hong Kong ya Techtronic Industries ndiyo imapanga zipangizo za Ryobi zogulitsidwa ku Home Depot, ndipo ndi yomweyonso idagula Milwaukee mu 2005, dzina lomwe amisiri amalilemekeza. Palinso maina omwe ndi a sitolo yeniyeniyo, monga Husky ya Home Depot, Kobalt ya Lowe's ndi Dexter ya Leroy Merlin. Zimenezi sitolo imachita kulemba ganyu fakitale kuti iipangire pa mtengo wogwirizana.

Tiyeni tilowe m'kati mwa makinawo, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mtima wa galayinda kapena makina oboolera ndi mota, ndipo mota ndi waya wa kopa wokulungidwa mozungulira chitsulo. Wayayo adakutidwa ndi vanishi woteteza kuti asakhudzane. Makina akamagwira ntchito waya amatentha, ndipo kutenthako kukapyola muyeso vanishi amapsa, mawaya n'kukhudzana. Fungo lija mng'ono wathu adamva linali limeneli. Makina a amisiri amakhala ndi kopa wokwanira, vanishi wopirira kutentha, chopemerera mphepo champhamvu, ndiponso zotchingira kuti fumbi la chitsulo lisadye mawaya. A pakhomo zonsezi adachepetsako, chifukwa adawerengera kuti mwini wake adula mphindi zingapo n'kuwaika pansi kuti azizire.

Chachiwiri ndi magiya ndi mabering'i. Makina amphamvu magiya ake ndi achitsulo cholimbitsidwa pamoto, okhala m'nyumba yachitsulo yomwe imathandiza kutaya kutentha. Otsika mtengo ena magiya ake amakhala m'nyumba ya pulasitiki, ndipo pomwe pakadakhala bering'i amangoikapo kabushi. Tsiku loyamba simungasiyanitse, onse amalira mofanana. Pakatha miyezi ya ntchito yolemetsa kabushi kaja kamadyeka, shafuti n'kuyamba kugwedera, magiya n'kumatafunana mano.

Chachitatu ndi timakala tiwiri tija timene timakhudza mota n'kumapereka magetsi, tomwe amisiri amati mabulashi. Timeneti timatha ngati mmene zimathera zidendene za nsapato, ndipo n'tosinthika. Pa makina abwino wokonza amafika pa timakalati mosavuta ndipo tatsopano timapezeka. Timatchula zimenezi chifukwa taona makina ambiri atatayidwa kuseri kwa nyumba akuti afa, chonsecho adangotha mabulashi, chinthu cha mtengo wochepa kwambiri. Makina ambiri a batire a masiku ano alibe timakala timeneti, ndipo pa katoni pamalembedwa mawu akuti brushless. Amenewa satentha msanga ndipo batire imakhalitsa, koma amayendetsedwa ndi kabodi ka magetsi komwe kakapsa wokonza wa pamsika sangakalumikize ndi waya ngati mmene amachitira ndi makina akale.

Pa makina a batire m'pamene ogula ambiri amapusitsika, ndipo tikhalapo pang'ono. Tengani makina oboolera a DeWalt awiri ogulitsidwa ku America, onse achikasu, ofanana kukula. Ena nambala yake ndi DCD771, ena DCD791. Oyambawo ali ndi mabulashi ndipo ndi a gulu loyambira, achiwiriwo ndi brushless. Kumapeto kwa nambala kumabweranso zilembo zosonyeza zomwe zili m'katoni. C2 ndi mabatire awiri aang'ono, P2 ndi mabatire awiri a 5.0Ah, pomwe B ikutanthauza makina okha opanda batire kapena tchaja. Kwa Makita chilembo cha makina opanda batire ndi Z. Nambala ya Ah ija ili ngati kukula kwa thanki ya injini ya boti. Batire ya 5.0Ah imasunga magetsi oposa katatu a batire ya 1.5Ah. Ndiye munthu akaona katoni yotchipa m'sitolo yaikulu n'kuiyerekeza ndi yodula ya kwina, nthawi zambiri akuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale dzina ndi penti zili zofanana.

Musanyengekenso ndi nambala ya 20V yolembedwa pa mabatire ena ochokera ku America, n'kumaganiza kuti ikuposa 18V. M'kati mwa batire yotere muli timabatire 5 tolumikizana. Kalikonse kamapereka 3.6V pogwira ntchito, zomwe zikwana 18V, koma kakangochoka pa tchaja kamaonetsa pafupifupi 4V, zomwe zikwana 20V. Batire ndi yomweyo. Ku America DeWalt imalemba nambala yaikuluyo, ku Ulaya imalemba yaing'onoyo.

Pa zipangizo za manja, monga sipanala, pulayazi, hamala ndi tchizulo, nkhani yake njachidule. Chachikulu ndi chitsulo chake ndi mmene adachisulira. Sipanala yosulidwa pomenya chitsulo chamoto, yomwe pamalembedwa drop forged, imapirira kuposa yongothira chitsulo chosungunuka m'chikombole. Zilembo za Cr-V zimasonyeza chitsulo chosakaniza ndi chrome ndi vanadium, ngakhale kulemba zilembo n'kosavuta ndipo opanga zachinyengo nawo amalemba. Sipanala yofewa imayasamula kukamwa n'kudya makona a nati, ndipo amene adavutikapo ndi nati yodyeka pa injini ya boti usiku nyanja itawinduka safuna kuuzidwa kuipa kwake. Dzina lokha nalo si chikole. Craftsman, dzina lomwe masitolo a Sears ku America adayamba kugulitsa mu 1927, linkalemekezedwa kwa mibadwo. Cha m'ma 2010 zambiri mwa zipangizo zake zidayamba kupangidwa ku China, ndipo mu 2017 dzinalo lidagulitsidwa kwa Stanley Black & Decker. Zilembo pa sipanala zidakhala zomwezo, koma fakitale ndi mwini wake zidasintha.

Tanena za China, ndiye tiwongolepo pena. Ambirife tikamva kuti chinthu n'cha ku China timati basi chatha. Koma Makita, Bosch ndi Milwaukee onse amapanga zina mwa zipangizo zawo zamphamvu ku China komweko. Fakitale imapanga molingana ndi zomwe woitanitsa walamula ndi ndalama zomwe walipira. Chomwe chiyenera kutiopsa ndi katundu wachinyengo, wolembedwa dzina lotchuka koma wosachokera kwa eni dzinalo. Pa chimenechi sitolo yaikulu ndiyo malo odalirika kuposa wogulitsa wa m'mphepete mwa msewu, chifukwa imaitanitsa kwa eni ake ndipo imapereka lisiti. Munthu akakutsatsani galayinda ya dzina lalikulu pa theka la mtengo wa m'sitolo, funsani bwino, pajatu safunsa adadya phula.

Kwa ife a kunyanja pali zina zitatu zomwe munthu wa ku Atlanta kapena ku Johannesburg saziganizira. Choyamba ndi magetsi. Kuno kwathu ndi ku South Africa magetsi a m'nyumba ndi a 230V, kotero makina a ku Joni amagwira bwino, kungosintha pulagi, popeza yawo ndi ya mano ozungulira pomwe yathu ndi ya mano a makona. Koma ku America magetsi ndi a 120V, ndipo makina kapena tchaja yopangidwira kumeneko mukailumikiza kuno popanda thiransifoma imapsa pomwepo. Ndiponso amisiri athu ambiri amagwiritsa ntchito jenereta yaing'ono ndi nthambo yaitali yopyapyala. Magetsi akamafika ofooka, mota imalephera kuthamanga bwino, mmisiri amakanikiza kwambiri, ndipo imatentha msanga, kaya makinawo ndi odula chotani.

Chachiwiri ndi waranti, lonjezo lija loti chinthu chikawonongeka adzakukonzerani kapena kukusinthirani. Kwa wokhala pafupi ndi sitolo limeneli ndi lonjezo lenileni. Kwa munthu wa ku Makanjira ndi pepala chabe, chifukwa mtengo wotumizira galayinda ku Joni ndi kuibweretsanso ungagule ina. Werenganinso bwino kabuku kake. Pa zipangizo zambiri za gulu la pakhomo adalemba kuti lonjezolo siligwira ngati chipangizocho chikugwiritsidwa ntchito ya malonda. Chachitatu ndi masipeya. Musanatumize mawu ku Joni, yambani mwapita kwa wokonza makina wa kwanuko mukamufunse kuti ndi mitundu iti yomwe mabulashi, masuwichi ndi magiya ake amawapeza mosavuta ku Limbe kapena ku Lilongwe. Makina a dzina la sitolo imodzi yokha angakhale abwino ndithu, koma akathyoka kagiya kuno mudzawasandutsa chotsekera chitseko.

Sitikunena kuti zipangizo za pakhomo n'zoipa. Ifeyo tili ndi makina oboolera a gulu lotsikali omwe timakonzera mabenchi a ana ku madrasa kawiri kapena katatu pa chaka, ndipo atha zaka asadadandaule. Tikadagula a mtengo wowirikiza katatu tikadangogoneka ndalama m'bokosi. Koma mmisiri wokhoma maboti amene akuboola matabwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kapena wowotcherera amene akudula zitsulo tsiku lonse, ameneyo akagula za pakhomo adzagula kawiri, ndipo pakati pa kugula koyamba ndi kwachiwiri padzakhala masiku opanda ntchito, ana akudya nsima ndi mchere. Ngati ndalama zili zoperewera, ife tingalangize kudikira mwezi wina umodzi, kapena kugula makina amodzi amphamvu m'malo mwa katoni ya makina anayi opepuka, ngakhale katoniyo imakometsa potsika basi.

Galayinda ya abale aja tidapita nayo kwa wokonza makina, mng'onoyo ali pomwepo. Ataitsegula adapeza mawaya a mota atapsa mpaka kuda bii. Tidafunsa katoni, mwamwayi mayi adaisunga kuti aziikamo nsalu. Inali galayinda yaing'ono ya disiki ya mamilimita 115, ndipo m'kabuku kake, komwe palibe amene adakatsegulapo, adalemba poyera kuti njogwirira ntchito zing'onozing'ono za pakhomo. Mng'onoyo ankadulira zitsulo zochindikala kuyambira m'mawa mpaka madzulo pa jenereta, ntchito yofuna galayinda yaikulu ya disiki ya mamilimita 230, yomwe mota yake imakhala ya mawati 2,000 kapena kuposerapo. Mtengo wolembedwa pa lisiti udafanana ndi ndalama zomwe mkuluyo adanena. Iye ndi wogwira ntchito m'munda wa maluwa ndipo sadawotchererepo chitsulo. Adauzidwa kuti agule galayinda, adaona dzina lodziwika, n'kugula.

Tidaimba foni ku Joni madzulo omwewo, mayi atakhala pamkeka pakati pathu. Mng'onoyo adayamba ndi kuti, "Pepani achimwene, ndidalankhula mopupuluma." Mkuluyo adakhala chete kanthawi, kenaka n'kufunsa kuti nanga yoyenera ndi iti. Wokonza makina uja adalemba nambala ya galayinda yomwe masipeya ake amawapeza, mng'onoyo n'kujambula pepalalo n'kutumiza. Agwirizana kuti mkuluyo akafika m'sitolo ajambule kachikwangwani ka pathupi pa makinawo atumize kuno asanalipire, ndipo mng'onoyo asonkhako gawo lake la mtengo. Pakadali pano akubwereka galayinda ya mnzake pamsika, kulipira tsiku ndi tsiku, kudikira basi ya kumapeto kwa mwezi wamawa.